Kutchire Kulibe Kopala Moto

Ku Kabwata, mu Lusaka, pabwalo la nyumba zomwe timachita lendi, mbaula imayaka katatu pa tsiku: m'mawa madzi osamba, masana nsima, madzulo nyemba. Zakhala choncho kuyambira kale, koma chaka cha 2024 chinabwezera ku makala ngakhale anthu omwe anali ataiwala fungo lake. Mvula inakana, chimanga chinapserera m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho chinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'damu la Kariba anaphwera, makina opanga magetsi a tsidya lathu, omwe akakhala pabwino amatulutsa mamegawati 1,080, anatsala pang'ono kuima. Mu Malichi a kampani ya magetsi ya ZESCO anayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika Seputembala maolawo anali atafika 17, masiku ena kupitirira pamenepo.

Miyezi imeneyo Lusaka yense ankafuna moto. Makala, omwe kuno timati malasha, anakwera mtengo. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands ena ophikira gasi anadabwa kupeza kuti kabatani koyatsira sitovu nako kamadalira magetsi. Malaita anadzaza paliponse: patuntemba ta m'makwalala, m'manja mwa anyamata ogulitsa mu Cairo Road, m'masitolo a ku Kamwala kumene amagulitsa m'makatoni, pamsika wa Soweto pakati pa tomato ndi kapenta. Inenso ndinkagula laita, ikafa n'kuitaya, n'kugulanso ina. Sindinadzifunsepo kuti ikufa chifukwa chiyani.

Chifukwa chake n'chakuti m'tauni laita yoipa sikupweteka munthu. Ikakana, umangoitana mwana, kumupatsa kachidutswa ka lata kapena phale, iye n'kuthamangira khomo loyandikana. "Odi! Amayi akuti muwagawireko moto." Amabwera ndi khala lofiira, waliphimba ndi dzanja, ndipo pasanathe mphindi zisanu mbaula yako yayaka. Kupala moto ndi mwambo umene tinabwera nawo kuchokera kumidzi ya ku Katete ndi ku Chadiza, ndipo sunafe ngakhale pakati pa mipanda ya njerwa. Munthu akhoza kukumana mchere, akhoza kukumana ufa, koma sindinaonepo womana mnzake moto. Ndiye kuti kwa zaka zonsezi anansi anga ndiwo ankandiphimbira malaita oipa omwe ndinkagula.

Ndinadziwa zimenezi mu Julayi wa chaka chomwecho, kutali ndi Kabwata.

Amalume anga, omwe amakhala ku Chelstone chakufupi ndi thanki lalitali lamadzi lija, anapuma pantchito ndipo chimene amakonda pamoyo wawo ndi kuwedza. Anandiitana pamodzi ndi alamu anga a ku Woodlands, eni galimoto, kuti tikagone masiku awiri kumtsinje, kudera la Chiawa, kumene Kafue amakathira mu Zambezi. Tinanyamuka m'bandakucha, kudutsa Chilanga ndi tauni ya Kafue, n'kutsika mapiri a msewu wa ku Chirundu. Lusaka ali pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene chigwacho chili cha m'ma 400. Munthu umamva m'makutu kuti watsika, ndipo mitengo imasintha: miombo imatha, kumabwera tsanya, milambe ndi misangu.

Dzulo lake ndinali nditagula laita m'tauni, yomwe ndinkaona kuti ndi yoyenera ulendo wa kutchire. Inali yolemera m'dzanja, yonyezimira, yodina pabatani, yotulutsa lawi labuluu lolira ngati mpweya wa tayala, ndipo kumunsi kwake kunali katochi. Ndinaiyesa kawiri pamaso pa wogulitsa, inayaka bwinobwino. Thupi lake linali lachitsulo, kotero gasi wa m'kati sankaoneka. Bokosi la machesi ndinaika m'thumba la malaya. Alamu anga anatenga laita yamagetsi, ija yotchaja ngati foni, yosatulutsa lawi koma kamzere kofiirira pakati pa timano tiwiri. Usiku wonse ku Woodlands kunalibe magetsi, choncho anainyamula ili ndi mphamvu yomwe inatsalamo.

Tinawoloka pabwato kupita pachisumbu cha mchenga dzuwa litapendeka. Potsika ndinalowa m'madzi ofika m'chiuno pothandiza kukoka bwato, madzi ena anandithira pachifuwa, ndipo laita ija inagwera pamchenga wonyowa. Sindinade nkhawa. Tinawedza mpaka dzuwa linafiira, tinapha milamba itatu, n'kubwera pamtunda kuti tikoleze moto.

Machesi anali atanyowa, mitu yake ikungonyenyeka pabokosi. Ndinadina laita: tche, tche, tche. Gasi ankamveka kutuluka, koma lawi ayi. Ndinaipukuta, kuiuzira, kuigwedeza, osatheka. Alamu anga anatulutsa yawo. Inayaka, koma kamzere ka magetsi kaja n'kakafupi, kobisala pakati pa timano, moti kulowetsapo udzu kunali kovuta. Atayesa kachitatu batire linatha.

Anthu omwe sanagonepo kumtsinje mu Julayi amaganiza kuti kuchigwa kumatentha nthawi zonse. Dzuwa likangolowa, kamphepo ka pamadzi kamalowa m'mafupa, makamaka zovala zikakhala zonyowa. Mvuu zinayamba kulira chapafupi. Kutsidya tinkaona timoto ta pamudzi tikuphethira, koma palibe amene amapalasa bwato mumdima pakati pa mvuu ndi ng'ona. Ndinaima pamenepo ndi laita yonyezimira m'dzanja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga panalibe khomo loti nditumeko mwana. Mantha omwe ndinamva sindikuwaiwala, ndipo ndi amene andilembetsa nkhaniyi.

"Amalume, kodi inu muli nayo ina?" ndinafunsa.

"Ndili nayo, mphwanga, koma nthawi yake sinakwane. Leka kutaya gasi. Kathyole nthambi zouma zomwe zidakali pamtengo, zapansi zamwa chinyezi. Inu akamwini, tazulani udzu uwo, mutenge wouma wa pakati pa chitsa."

Anatigwiritsa ntchito pafupifupi theka la ola, kuwala kukutha. Iwo anakhala pansi n'kumasanja zomwe tinkabweretsa m'milu inayi: udzu wofikisa m'manja mpaka utafewa ngati thonje, tizitsotso tating'ono ngati mitengo ya tsache, nthambi zonenepa ngati chala, ndi zikuni za tsanya zomwe madzi osefukira anasiya pamchenga. Anatolanso ndowe youma ya njovu, kunena kuti imasunga khala. Anakumba kadzenje kosaya, n'kuunjika mchenga mbali yochokera mphepo. Atatha zonsezi m'pamene anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo kapulasitiki komwe kale munali mafuta odzola. M'katimo munali laita yaing'ono yotchipa, yoonekera m'kati, ya kagudumu. Kachidutswa ka kandulo. Machesi angapo pamodzi ndi mbali yokhwekhwezera ya bokosi. Ndi kachidutswa ka chubu chakale cha njinga, chomwe ku Lusaka timati malegeni. Anafulatira mphepo, kugwada, n'kuzungulitsa kagudumu kamodzi kokha. Udzu unagwira, tizitsotso tinathetheka, ndipo laita inabwerera m'botolo isanatenthe n'komwe.

Nditabwerera ku Lusaka ndinafuna kumvetsa chimene chinachitika, chifukwa sindikhulupirira kuti zinthu zimangokana zokha. Laita yodina ili ndi kamwala ka kristalo m'kati. Ukadina, kanyundo kamamenya kamwalako, ndipo kamatulutsa kamphezi kakang'ono kamene kayenera kudumpha mpata wochepa kwambiri kuti kakumane ndi gasi. Madzi kapena mchenga zikalowa pampatapo, kampheziko kamatsata njira ina, gasi n'kumangotuluka chabe. Pathebulo la kukhitchini zimenezi sizichitika kawirikawiri. Kumtsinje n'zosapeweka.

Laita ya kagudumu ilibe nzeru zambiri, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Chimene timatcha kamwala kake si mwala weniweni, ndi chitsulo chosakaniza chotchedwa ferrocerium, chimene katswiri wa ku Austria, Carl Auer von Welsbach, anapanga mu 1903. Kagudumu kakapala chitsulocho, tizidutswa tothothoka timayaka tokha m'mphepo, ndizo mbaliwali timaonazo. Laita yotere ikanyowa imakananso, koma siifa. Uigwedeze, uuzire pakagudumu, ukazungulitse kangapo pabuluku louma, uisiye pang'ono, mbaliwali zimabwerera. Ndinayesa ndekha pabwalo pathu, kuiviika m'ndowa, ndipo inadzuka. Ngakhale gasi atatheratu, mbaliwalizo zokha zikhoza kuyatsa thonje lowuma lomwe walimasula bwino.

Kuonekera m'kati nakonso n'kofunika kuposa mmene ndinkaganizira. Laita yachitsulo imamveka yolemera chimodzimodzi m'dzanja, kaya ndi yodzaza kaya yatsala pang'ono kutha. Yoonekera umangoikweza kudzuwa n'kudziwa zomwe wanyamula. Kampani ya Bic, yomwe inayamba kupanga malaita mu 1973, imanena kuti laita yake yaikulu imayatsa mpaka maulendo 3,000. Imeneyi siyoonekera kwenikweni, koma yamtundu wowala ukaiwalitsa ndi tochi kumbuyo mzere wa gasi umaoneka. Vuto la pamsika n'lakuti malaita ambiri amafanana maonekedwe, ndipo ena lawi lake limalumpha n'kutalika mosayembekezera kapena limachedwa kuzima ukachotsa chala. Yotere ndimaibweza pomwepo. Ndimayatsa kasanu kapena kasanu n'kamodzi ndisanalipire, ndikuyang'ana ngati lawi likukhala msinkhu umodzi, kenako ndimaiika kukhutu ndi kumphuno kuti ndimve ngati ikudontha.

Gasi wa m'malaitawa ndi butane. M'kati amakhala wamadzi, ndipo amasanduka mpweya kukakhala kotentha kuposa pafupifupi madigiri 0. Ku mayiko a chipale chofewa zimenezi zimapha laita. Kuno sitifika pamenepo kawirikawiri, komabe m'mawa wa Juni kapena Julayi pamapiri ozungulira Lusaka lawi limatuluka lalifupi, lofooka. Mankhwala ake n'kugona nayo m'thumba la pachifuwa kapena kuifumbata kukhwapa kwa mphindi zochepa. Mdani wathu weniweni ndi kutentha. Mu Okutobala kuchigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka mawindo kumaposa pamenepo. Opanga malaita amalemba okha kuti asakhale pamalo otentha kuposa madigiri 50. Kusiya laita pansi pa galasi lakutsogolo la galimoto masana, monga ndimaonera m'maminibasi ambiri, n'kuputa ngozi. China chaching'ono: m'chikwama chothinana kabatani ka gasi kakhoza kudinika ulendo wonse, n'kukafika laita ili gwa. Amalume amakulunga kalamba ka malegeni pansi pa kabataniko kuti kasatsike.

Za laita ya Zippo ndinganene mwachidule. Anayamba kuipanga ku Bradford, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo lawi lake silizima msanga ndi mphepo. Koma imagwiritsa ntchito mafuta amadzi omwe amauluka okha ngakhale usakuyatsa, moti pakatha sabata imodzi kapena ziwiri umaipeza youma. Kwa munthu woithira mafuta kawirikawiri ndi yabwino. Yosungira m'chikwama miyezi itatu kudikira ulendo, ayi. Malaita a lawi labuluu nawo amathandiza pamphepo ya mu Ogasiti, koma amadya gasi msanga, ndipo kabowo kake n'kakang'ono kwambiri moti fumbi la mwezi womwewo limakatseka. Yamagetsi ija ilibe vuto ndi mphepo, koma imafuna soketi, chinthu chimene chaka chimenecho tinkachisowa ngakhale m'nyumba zathu.

Machesi sindinawataye, ndinangowamvetsa. Machesi omwe timagula sayaka paliponse chifukwa mankhwala ake anagawidwa pawiri: ena ali pamutu wa kamtengo, ena, phosphorus wofiira, ali m'mbali mwa bokosi. Nzeru imeneyi inachokera ku Sweden, kwa Gustaf Erik Pasch mu 1844. Tanthauzo lake kutchire n'lakuti ukhoza kusunga timitengo touma bwinobwino, koma bokosi likanyowa wagwa nayo. N'chifukwa chake amalume anadula mbali yokhwekhwezera n'kuiika m'botolo, atakulunga payokha kuti isakhudzane ndi mitu. Mitu ina anaiviika mu phula la kandulo, lomwe amalipala ndi chikhadabo akafuna kuyatsa.

Ndaona kuti anthu okonda maulendo a kutchire amatha nthawi yaitali kukangana kuti laita yabwino koposa ndi iti. Funsolo ndinali nalo inenso, koma usiku wa ku Chiawa unandisintha. Amalume sanadalire laita imodzi, ngakhale yawo yomwe. Anali ndi njira ziwiri zosiyana m'botolo, ndipo mawa lake ndinapeza kuti laita ina inali m'thumba la jekete, kuti chikwama chikamira moto usamire nacho. Zinthu ziwiri zofanana zimafa imfa imodzi: malaita awiri odina akanagwa pamchenga womwewo akanakana onse. Ndipo ntchito yaikulu inagwiridwa laita isanatuluke. Lawi la laita ndi laling'ono, siliyenera kuyaka nthawi yaitali chifukwa kagudumu kamatentha n'kuwononga pulasitiki yogwira kamwala. Munthu amene amaligwiritsa pachikuni chonyowa mpaka chala chipse sakusowa laita yabwino, akusowa udzu ndi tizitsotso. Kandulo ndi malegeni n'za tsiku la mvula: umayatsa izo ndi laita, izo n'kuyaka mphindi zingapo pansi pa tizitsotso mpaka taume.

Apa ndinene chimene chimandiwawa kwathu ku Kabwata. Ambiri timakoleza mbaula ndi majumbo apulasitiki. Amagwira msanga, n'zoona, koma utsi wake ndi woipa, ndipo amene amaupuma ndi ana omwe timawatuma kukupiza. Kachidutswa ka malegeni kongafanana ndi chala, kogwiritsa ntchito kamodzi pangozi kutchire, n'kosiyana ndi pulasitiki ya tsiku ndi tsiku pakhonde. Zitsononkho zouma, makoko a mtedza, mapepala akale ndi timakala tating'ono ta pansi pa thumba zimakoleza mbaula bwino lomwe munthu akaleza mtima.

Usiku uja, milamba itapsa ndipo zovala zanga zikuuma pamtengo, amalume anatisimbira za agogo awo omwe ankadziwa kupeka moto: kamtengo kolimba kozungulitsa m'manja pathabwa lofewa, mpaka fumbi lakuda litayamba kufuka. Iwo anaona zimenezi ali mwana, koma anavomera kuti manja awo sanaphunzire. Kuchokera pamenepo anafika ku nthano ya ku Kaphirintiwa, kumapiri a Dzalanyama, kumene makolo athu amati munthu ankakhala mwamtendere ndi nyama zonse pamodzi ndi Chauta, mpaka tsiku limene anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba paulusi wa kangaude. Nthanoyi ndinaimva kambirimbiri ndili mwana, koma sindinaimvepo nditakhala pakati pa udzu wouma wa chaka cha chilala.

Ndinaganiza za lupsa lomwe timaona chaka chilichonse kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, m'mbali mwa Great East Road ukangodutsa Chongwe, kapena mu Leopards Hill Road chakumene kuli Lusaka National Park, yomwe inatsegulidwa mu 2015. Moto wina ndi wa osaka mbewa, wina wa ndudu yoponyedwa pawindo, wina wa anthu ngati ife omwe anaotha n'kunyamuka osazimitsa. Agogo aja ankatuluka thukuta kuti apeze khala limodzi, choncho ankalisamala. Ife timalipeza ndi chala chimodzi. Ndikamasankha laita yosakana, ndimadziwa kuti ndanyamula chinthu chokhoza kutentha dambo lonse, ndipo zimenezi zimandipatsa mantha ofanana ndi aja ndinamva pamene yanga inakana.

M'mawa wa tsiku lobwerera, amalume sanalole kuti tikwere bwato msanga. Anatunga madzi katatu ndi poto, kuthira paphulusa, kutakasa ndi mtengo, kuthiranso. Chikuni cha tsanya chinali chikadali ndi moto m'kati ngakhale kunja chinkaoneka chakuda. Anachikokera kumtsinje n'kuchimiza. Kenako anayandikitsa kuseri kwa dzanja paphulusa, n'kundiuza kuti nanenso nditero. "Ukumva kutentha, mphwanga?" Ndinati ayi. Pamenepo m'pamene anakwirira ndi mchenga.

Sabata yotsatira ndinatsuka kabotolo ka mafuta odzola ka akazi anga. Ndinaikamo laita ya kagudumu yoonekera m'kati, yomwe ndinayamba ndayatsira mbaula masiku atatu kuti ndiidziwe, machesi khumi a phula ndi mbali yake yokhwekhwezera, kachidutswa ka kandulo, kalamba ka malegeni, ndi thonje lopaka mafuta omwewo, lomwe limayaka nthawi yotalikirapo. Laita yachiwiri ndinaiika m'thumba la jekete. Kabotoloko kamakhala pamwamba pa kabati, kumene ana safikako, ndipo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndimakatsegula n'kuyesa zonse.

Madzulo ena a mu Seputembala, magetsi atazima kuyambira usiku wathawo, ndinali pakhonde ndikukupiza mbaula pamene kamtsikana ka pakhomo lachitatu kanabwera ndi chivundikiro cha poto. Kanagwada pang'ono. "Odi, abambo. Amayi akuti laita yakana." Ndinasankha makala awiri ofiira bwino, kuwaika pachivundikiro ndi supuni, n'kuwonjezapo limodzi lakuda kuti ligwire m'njira. Kanaphimba ndi dzanja mbali ya mphepo, n'kudutsa pabwalo pang'onopang'ono, maso ali pamoto.